Ndikati "Yes" Amanyamula Mbale N'kuchoka

Aphungu,

Kalatayi ndaiyamba katatu n'kuing'amba. Bambo wa zaka 53, wa ana anayi, sayenera kumadandaula kuti alibe mnzake wodya naye, zimenezo n'za ana a sukulu. Koma ndafika poti ndikapanda kuuza munthu ndiphulika, ndipo poti inu simundidziwa nkhope, ndasankha inu.

Kwathu ndinali mphunzitsi wa pulayimale kwa zaka 22. Ndikunena zimenezi kuti mudziwiretu kuti Chingerezi si chachilendo kwa ine. Ndinkachiphunzitsa, ndipo ana ankakhala chete ndikangotola choko. Tsopano patha chaka ndi miyezi iwiri chibwerereni kuno kudziko la eni. Ntchito anandipezera ndi mlamu wanga, koma iye anasamukira kumzinda wina ndisanathe n'komwe mwezi. Ndimagwira pakampani yochapa nsalu za m'mahotela, pa makina ositira. Wina amagwira nsonga imodzi ya shiti ya pabedi, ine nsonga inayo, timailowetsa, imakatulukira uko itawongoka, ili yotentha. Phokoso lake ndi loti simungacheze. Timavala zotseka m'makutu, ndipo tikafuna kuuzana kanthu timangolozerana ndi chala.

Nthawi yokhayo imene munthu angatsegule pakamwa ndi ya chakudya chamasana, mphindi 40. Kantini yathu ili ndi matebulo asanu ndi limodzi, sinki, ndi makina awiri otenthetsera chakudya. Tsiku loyamba ndinakhala patebulo lapakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene magalimoto amatsitsira nsalu zakuda. Ndinasankha pamenepo mwaulemu chabe, sindinafune kufika n'kudzikhazika pakati pa eni ake. Ndinakhala pakonapo chaka chathunthu, tebulo la mipando inayi, munthu mmodzi.

Si kuti anthu sanabwere ayi, ndipo apa ndi pamene pakundizunguza mutu. Sabata yoyamba yomweyo anabwera dalaivala wina, amene ndimangomutcha Wamtali poti dzina lake sindinalimvetse. Anaima mbale ili m'manja, dzanja linalo pampando, n'kufunsa kuti, "Do you mind if I sit here?" Mtima wanga unangoti myaa. Mawu akuti "mind" ndimawadziwa bwino, ndawalemba pabolodi kosawerengeka. Amatanthauza maganizo, nzeru za munthu. Ndiye ine ndinamva kuti akufunsa maganizo anga, ngati ndikuvomereza kuti akhale nane. Ndinamwetulira mano onse pamtunda n'kuyankha kuti, "Yes! Yes!" Ndinasunthanso kontena yanga ya chakudya kuti apeze poika mbale.

Aphungu, munthuyo anausiya mpandowo ngati wamuotcha. Anapepesa, n'kupita kukakhala kwina. Ine ndinatsala ndikumwetulirabe, supuni ili m'mwamba.

Ndinadzitonthoza kuti mwina anzake amuitana. Koma patapita masiku anabwera mayi wa kuofesi, funso lomwelo, ine yankho lomwelo, iyenso ulendo. Kenako bambo wokonza makina. M'miyezi itatu yoyamba anakwana asanu ndi awiri. Ena pochoka ankaseka pang'ono, ena ankangokweza zikope. Ndinaganiza kuti mwina sakundimvetsa chifukwa ndikuyankha mwachidule. Ana ndinkawakalipira kuti aziyankha chiganizo chathunthu, choncho nanenso ndinayamba kutero, momveka bwino, liwu ndi liwu: "Yes, I mind. I mind very much." Kuchokera pamenepo anasiyiratu kubwera, kupatula mayi mmodzi amene ndimutchule posachedwa.

Ndinayamba kudzifufuza. Ndinati mwina ndimanunkha thukuta, ndinagula sopo wonunkhira n'kuyamba kusintha malaya nthawi ya chakudya isanakwane. Ndinati mwina ndi nsomba zimene ndinkabweretsa, ndinazisiya, n'kutsala pa mpunga ndi nyemba. Ndaimapo pagalasi la kubafa ndikuyang'ana mano anga, kuti mwina pali chimene anthu amaona ndikaseka. Nditasowa chifukwa ndinafika poganiza kuti ndi masewera awo, amatumana kuti akaone nkhalamba yachilendo ikusekerera ngati chitsiru, kenako akaseke bwino kutebulo kwawo.

Mawu omwewa andilasanso kwina. Tsiku lina kapitawo wathu anandiuza zinazake makina akulira. Sindinamve, ndinapempha kuti abwereze. Anabwereza, sindinamvenso. Kachitatu anangoponya dzanja n'kunena kuti, "Never mind." Ndinamasulira ndekha: "never" ndiye kuti ayi mpaka kalekale, "mind" ndiye nzeru. Ndiye kuti munthu wopanda nzeru, amene sadzakhalanso nazo. Ine, amene ana anga ena a m'kalasi lero ndi anamwino ndi maloya! Ndinakalowa kuchimbudzi n'kungoima mmenemo mphindi zisanu. Ngakhale pakhomo lotsikira kosungira sopo anakhomapo chikwangwani choti "Mind your head", ndipo ndikamadutsapo ndimaona ngati chikunena ine, kuti ndiuunike bwino mutu wangawu.

Mayi ndimanena aja ndi achikulire, amavala magalasi a chingwe, ndipo amasoka mashiti ndi matawulo ong'ambika m'kachipinda ka kuseri kwa makina athu. Salankhula zambiri. Iwo okha ndi amene anabwera katatu. Kachitatu anafika atanyamula malalanje awiri, n'kufunsa funso lomwe lija. Poti ndi akuluakulu ndinachita kuimirira, dzanja pachifuwa, n'kuyankha monga mwa masiku onse. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, anaika lalanje limodzi pakona pa tebulo, n'kumapita. Sindinadziwe ngati chinali chifundo kapena chipongwe. Lalanjelo sindinadye, ndinapita nalo kunyumba, linakhala pazenera mpaka linakwinyika.

Kunyumba ndikunenako ndi chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala. Muli bedi, mpando umodzi, ketulo ndi kawailesi. Loweruka lonse limatha ndisanalankhule ndi munthu. Nthawi zina ndimaiuza ketulo kuti ifulumire, kungofuna kumva ngati mawu anga akadalipo. Lamlungu masana ndimaimbira mayi a kunyumba, ndipo funso lawo silisintha: "Nanga anzanu aja a kuntchito ali bwanji, abambo?" Ine ndimapeka nkhani. Ndinawauza kuti Wamtali ndi mnzanga wapamtima, kuti amandiseketsa mpaka kutsamwa ndi chakudya. Sabata yatha anati, "Mukamuuze Wamtaliyo kuti ndathokoza, akundisungira mwamuna. Koma asakuphunzitseni mowa, ndikamva ndibwera konko." Ndinaseka nawo, foni itaduka ndinalira. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ndi wochenjera ngati amayi ake. Anandifunsa kuti, "Adadi, bwanji simutitumizira chithunzi muli ndi anzanuwo?" Ndinanama kuti kuntchito amaletsa kujambula.

Chimene chandilembetsa kalatayi chinachitika mwezi watha. Ndinadziuza kuti mwina vuto ndi ine wongokhala n'kumadikira, ndiyesepo kupita kwa iwo. Funso lawo lija ndinaliloweza, ndinaliyeseza pagalasi masiku atatu. Lachitatu ndinanyamula kontena yanga mpaka patebulo lalikulu pamene panali Wamtali, mayi osoka aja ndi anthu ena awiri. Mpando umodzi unali wopanda munthu. Ndinaima bwinobwino n'kufunsa kuti, "Do you mind if I sit here?"

Onse anadzutsa mitu. Wamtali ndiye anayamba: "No, no!" Mayi aja anawonjezera: "Not at all." Ayi, ayi, ngakhale pang'ono pomwe. Anthu anayi kundikana pamodzi, akumwetulira. Wamtali anachita kuukoka mpandowo, ine ndinaona kuti akuuchotsa kuti ndisaukhudze n'komwe. Ndinatembenuka. Ndinamva wina akuitana kumbuyo koma sindinacheuke, maso anali atadzaza kale misozi. Pakona panga paja sindinabwererepo. Masiku ano ndimadyera pamasitepe akunja, pafupi ndi mabini, kontena ili pamaondo.

Panopa ndalemba kalata yosiya ntchito, m'Chingerezi chosalala, ili m'thumba la malaya anga. Ndikufuna kuipereka kumapeto kwa mwezi uno. Lachisanu lomaliza la mwezi womwewu mayi osoka aja akupuma pantchito, ndipo akhoma pepala loti tonse tikamwe tiyi wotsanzikana nawo m'kantini. Khadi lowatsanzika litafika kwa ine ndinangolembapo dzina, sindinadziwe choti ndinene kwa munthu amene anandikana pagulu, koma amenenso anandisiyira lalanje.

Ndithandizeni, Aphungu. Ndipereke kalata yosiya ntchito ija ndibwerere kwathu? Nanga ana ndikawauza kuti chandibweza n'chiyani, mpando? Kapena ndikadandaule kwa akuluakulu a kampani kuti anthu akunditonza? Kapena ndingovomereza kuti pali anthu ena amene nkhope zawo sizikondeka, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo? Sindikufuna zambiri. Ndikungofuna munthu woti asuzumire m'kontena mwanga n'kundifunsa ngati mpungawu ndaphika ndekha.

Ine wosungulumwa,
B.J.K.

Aphunzitsi,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere, ena ayambe adikira, chifukwa mwezi ukutha ndipo inu muli ndi pepala loopsa m'thumba. Litulutseni pepalalo, muliike pansi pa ketulo mumacheza nayo ija. Musalipereke. Kwa akuluakulu a kampani musapitekonso, palibe amene wakutonzani. Tsopano ikani choko pansi, lero mukhala pabenchi.

Funso lija lakuti "Do you mind if I sit here?" silifunsa maganizo anu. M'Chichewa likuti, "Kodi zikusowetsani mtendere ndikakhala pano?" Bwererani nalo ku tsiku lija Wamtali anaima ndi mbale. Iye anati, "Kodi zikusowetsani mtendere ndikakhala pano?" Inu, mano onse pamtunda, munati, "Eya! Eya!" Pambuyo pake, poti ndinu mphunzitsi wosakonda mayankho oduka, munawongola bwino: "Eya, zindisowetsa mtendere. Zindisowetsa mtendere kwambiri." Kwa mayi achikulire aja munachita kuimirira n'kugwira pachifuwa kuti amvetse kuti zikuchokera pansi pa mtima. Ndikuvomera kuti nditafika pamenepa ndinaseka mpaka kupukuta misozi. Nditawerenga za masitepe ndi mabini kuseka kunandithera.

Chifukwa tsiku limene munalimba mtima lija, anthu anayi aja sanakukaneni. "No, no" wa Wamtali anali kunena kuti ayi, sizitivuta. "Not at all" wa mayi aja anali kunena kuti sizitivuta ngakhale pang'ono, khalani. Mpando umene munaona ukukokedwa uja ankakokera inu. Amene anaitana kumbuyo kwanu ankafuna mubwerere.

Pabolodi paja simunkanama. Mawuwa akakhala dzina amatanthauzadi maganizo, n'chifukwa chake munthu akasintha maganizo amati "I changed my mind". Koma akakhala mneni amagwira ntchito zina zambiri, ndipo m'kamwa mwa anthu tsiku ndi tsiku ntchito zinazo ndiye zochuluka. Chikwangwani cha pakhomo chija chikungoti samalani, mungagunde mutu, khomolo ndi lalifupi. Mnzanu akakuuzani kuti "Mind the machine for me" akuti mumuyang'anire makina akupita panja. Mukamufunsa munthu ngati akufuna tiyi kapena khofi iye n'kuti "I don't mind", sakunena kuti alibe maganizo, akuti chilichonse chili bwino. Kapitawo wanu ndi "Never mind" wake ankangoti zisiyeni, si nkhani yaikulu. Mwina anatopa kukuwa pamwamba pa makina, koma nzeru zanu sanazikhudze. Ndipo mawuwa akabwera m'funso, "Do you mind" kapena "Would you mind", amafunsa ngati chinthucho chikuvuteni. Wovomera amati "No". Wokana ndi amene amati "Yes".

Si inu woyamba kugwa pamenepa, ndipo chimatigwetsa ndi mtima wabwino. Ife munthu akaima patsogolo pathu ndi mbale, sitimvetsera mmene funso lakhotera, timayankha munthuyo. Pakamwa pamatuluka "eya" tisanaganize n'komwe, chifukwa kwa ife mawu olandirira munthu ndi amenewo. Inenso chaka changa choyamba pantchito bwana anandifunsa ndi mawu omwewa ngati zingandivute kubwera Loweruka. Ndinayankha "Yes, sir" mokondwa, ndikuona ngati ndikudzipereka. Loweruka ndinafika m'mamawa, ndinapeza aitana munthu wina, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkadziwika kuti ndine waulesi wosachita manyazi. Kusiyana kwa ine ndi inu n'kwakuti ine ndinakafunsa mayi wotayipa makalata kuti ndalakwa chiyani.

Apa ndiye ndikukalipirani pang'ono. Chaka ndi miyezi iwiri, simunafunse munthu ndi mmodzi yemwe. Munakayikira thukuta lanu, nsomba zanu, mano anu, nkhope yanu, mpaka mitima ya anthu asanu ndi awiri amene sanakulakwireni. Chinthu chokha chimene simunachikayikire ndi Chingerezi chanu. Chifukwa chake mwalemba nokha kumayambiriro kwa kalata: zaka 22 za choko. Kunali kosavuta kwa inu kukhulupirira kuti simukondeka kusiyana n'kuvomera kuti pali liwu limodzi limene simulidziwa bwino. Kunyada kumeneko ndikukumvetsa. Munthu amene kwawo ankapatsidwa moni ndi msewu wonse, lero akulowetsa mashiti m'makina, amagwiritsitsa chimene chamutsalira. Koma kwakudyetsani nokha chaka chathunthu.

Taganiziraninso mmene anzanuwo akukuonerani. Kwa iwo ndinu bambo waulemu, wolimbikira ntchito, amene ananena mosabisa kuti safuna kusokonezedwa pakudya. Anakusiyani chifukwa chokulemekezani. Ndipo tsiku limene munabwera nokha, iwo n'kukulandirani, inu munawafulatira n'kutuluka panja. Nawonso ayenera kuti akudzifunsa kuti anakulakwirani chiyani. Mayi osoka aja anakanidwa kawiri n'kubweranso kachitatu ndi malalanje awiri, limodzi lanu. Munthu wachipongwe sachita zimenezo. Anaona kuti pakamwa panu pakunena zina, maso anu akunena zina, koma sanadziwe pogwira.

Chochita ndi ichi. Mawa lomwe, makina asanayambe kulira, pitani kukachipinda kawo kosokerako. Musalembe chokalankhula, ndakudziwani kale, mudzafika ndi masamba awiri. Auzeni m'Chingerezi chosavuta, cha mwana wa sitandade 3, kuti mumaganiza kuti "Yes" akutanthauza khalani, kuti nthawi zonse zitatu munkafuna akhale, ndipo tsiku lija munamva ngati akukukanani. Ziganizo zitatu, basi. Adzaseka. Asiyeni aseke, nanunso museke, chifukwa nkhaniyi ndi yoseketsadi, ndipo pofika masana idzakhala itazungulira matebulo onse asanu ndi limodzi popanda inu kuvutika kuifotokoza. Manyazi adzakugwirani tsiku limodzi kapena awiri, sangafanane ndi zimene mwapirira kale.

Kenako mumupeze Wamtali kumene amatsitsira nsalu. Mumuuze zomwezo, ndipo mumufunse dzina lake lenileni. Mukapanda kulimva, mumupemphe alilembe papepala. Munthu amene akazi anu amamuthokoza Lamlungu lililonse ayenera kukhala ndi dzina.

Masana mubwerere m'kantini. Masitepe aja muwasiyire mabini. Ndipo poti lilime lanu lazolowera, musalidalire msanga. Wina akadzafunsanso funso lija, musayankhe "Yes", musayankhenso "No", mungasokonezeke pakati. Kokani mpando ndi dzanja n'kunena kuti "Please, sit." Dzanja lokoka mpando amalimva anthu a chilankhulo chilichonse, inu nokha ndi amene munalimva mopotoka, ndipo tsopano mwadziwa. Kuyambira lero mukamva liwu limene mukulidziwa koma anthu n'kuchita zosiyana ndi zimene mumayembekezera, funsani pomwepo. Anthu ambiri amasangalala kufotokoza chilankhulo chawo, ndipo kufunsako n'kumene kumayambitsa macheza.

Lamlungu muwauze mayi a kunyumba zoona zake, zonse, mpaka masitepe. Adzakukalipirani, kenako adzakusekani, ndipo mwana wanu wamkazi uja sadzakulolani kuziiwala mpaka mudzakalambe. Zilekeni zitero. Mwakhala mukusungulumwa kawiri, kuntchito chifukwa cha liwu, pafoni chifukwa cha bodza, ndipo kwachiwiriku n'kumene kukukulizani. Mkazi amene akuopa kuti anzanu akuphunzitsani mowa angathe kumvanso kuti munalibe anzanu.

Za Loweruka ndi nkhani ina, mawu akuti "mind" sanaiyambitse ndipo sangaithetse. Funani malo amodzi oti muzipitako sabata iliyonse pa ola lomwelo, kaya ndi kopemphera, kwaya, laibulale kapena bwalo la mpira, kuti nkhope yanu izolowereke. Muimbireninso mlamu wanu uja, kusamuka si kumwalira. Ndipo mukaona kuti zinthu kuntchito zasintha koma mtima ukadali wolemera, chakudya sichikulowa, misozi ikungobwera yokha, kaonaneni ndi adokotala muwauze monga mwandiuzira ine. Funso loti mubwerere kwanu kapena ayi mudzalifunse patapita miyezi itatu, mutadya ndi anthu. Mukadzasankha kubwerera, chidzakhale chifukwa china, osati ichi.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Musayembekezere kuti onse asanu ndi awiri adzathamangira patebulo panu. Ena anakhumudwa, ena anakuiwalani, ena adzangoseka n'kupitiriza zawo, ndipo masiku ena mudzadyabe nokha. Zimenezo zisadzakubwezereni panja.

Chachiwiri ndicho ndikuopa kwambiri, poti ndinu mphunzitsi. Mukawerenga yankholi mudzafuna kuyamba mwatsimikiza. Mudzatsegula dikishonale, mudzakopera matanthauzo onse m'kope, mudzati ndipita ndikakonzeka bwino, mwina Lolemba, mwina linalo. Musatero. Dikishonale idzakhalapo chaka chamawa, koma mayi aja Lachisanu lomaliza la mwezi uno adzavindikira makina awo osokera n'kupita kwawo, kumene inu simukudziwa. Mukachedwa, adzapita akukhulupirira kuti bambo wapakona uja anawakana katatu, ndipo kachinayi, iwo atamuvomera, anawafulatira.

Aphungu